Katsabola ndi Miyendo ya Mawanga

Mtsikana uyu onse amamutcha Katsabola. Sachedwa kupsa mtima. Ukangomuputa, wayaka!

Katsabola anali ndi kankhumba kake. Dzina lake Mawanga. Mawanga ankadya, ankadya kwambiri. Koma miyendo yake inali yofooka. Akati adzuke, khu! Wagwa.

Tsiku lina bambo anaima pakhola. Anapukusa mutu.

"Nkhumba iyi ikungotha chakudya," anatero bambo. "Ikapanda kuyenda mwezi uno, ndiitana a kubutchala."

"Ayi, ababa! Ayi!" Katsabola anakuwa. Maso ake anali psuu!

Mayi anaitana alangizi a ziweto. Alangizi anagwiragwira miyendo ya Mawanga.

"Mafupa ake akusowa fosifolasi," anatero alangizi.

"Fosi chiyani?" anafunsa Katsabola.

"Fosifolasi. Ndi mchere wolimbitsa mafupa. M'madeya ulimo. M'soya ulimo. Koma ndi wotsekeredwa. Mimba ya nkhumba siitha kuutsegula. Umangotuluka ndi ndowe."

Alangizi anatulutsa kapaketi ka ufa.

"Ufa uwu ndi enzaimu. Ndiye kiyi wotsegulira mcherewo. Uzithira kasupuni kamodzi m'chakudya. Uzisakaniza bwino."

M'mawa kunkazizira. Katsabola ankamvera chisoni Mawanga. Adye zozizira, mnzakeyo? Ayi ndithu! Ankatereka ketulo pamoto. Ankathira ufa m'madeya. Ankathira madzi owira, bwatabwata. Zikapolako, ankapatsa Mawanga.

Sabata inatha. Mawanga, khu!

Sabata ina inatha. Mawanga, khu!

Katsabola anapsa mtima.

"Iwe Mawanga, dzuka!" anakalipa. "Madeya ukudya. Ufa ukudya. Ukufunanso chiyani? Ukufuna kupita kubutchala?"

Mawanga anangophethira.

Katsabola anamenya ndowa ndi phazi. Mayo! Chala chinawawa. Mtima unapsa kuposa kale.

Anatenga kapaketi kaja. Ulendo kwa alangizi! Atafika, sanaodire n'komwe. Anaponya kapaketi patebulo.

"Alangizi, ufa wanuwu ndi wabodza! Mwatinamiza!"

"Takhala pansi, mwanawe," anatero alangizi.

"Sindikhala!"

"Chabwino, imirira. Tandiuza, umasakaniza bwanji?"

"Ndimathira ufa m'madeya. Kenako ndimathira madzi owira."

Alangizi anagwira mutu.

"Madzi owira? Kalanga ine! Ufa uwu umaopa moto. Ukauwiritsa, mphamvu yake imatha."

Katsabola anazindikira. Ndiye kuti ketulo ija! Masabata awiri athunthu! Anadzikwiyira yekha. Misozi inalengeza m'maso. Koma si uja ndi Katsabola? Anapukuta misozi msangamsanga.

"Nanga bwanji simunandiuze?" anafunsa.

"Apo ndinalakwa ine," anatero alangizi. "Pepa, mwanawe. Uzisakaniza zouma. Madzi akhale ozizira."

Katsabola anabwerera kunyumba. Anapeza ketulo ili phee pamoto. Anailoza ndi chala.

"Iwe ketulo iwe! Pakhola usadzapondenso!"

Mayi anatembenuka kuti asaoneke akuseka.

Katsabola anapita kwa bambo. Anawafotokozera zonse.

"Ababa, chonde, ndipatseni masabata ena atatu."

Bambo anakanda ndevu.

"Atatu basi," anatero. "Osawonjezera."

Tsopano Katsabola ankasakaniza zouma. Madeya, soya, kasupuni ka ufa. Madzi ozizira pang'ono. Moto ayi!

Sabata yoyamba inatha. Mawanga, khu!

Katsabola analuma mano. Sanamenye ndowa. Chala chinali chikuwawabe.

Sabata yachiwiri inatha. Mawanga anaimirira. Miyendo inali njenjenje. Anaima pang'ono, nakhala pansi.

"Ababa, mwaona?"

"Kuimirira si kuyenda," anatero bambo.

Ha! Mawu amenewa anamuwawa Katsabola. 

Sabata yachitatu inatha. M'mawa kunabwera a kubutchala. Anali ndi mimba yaikulu. Anali ndi chingwe chachitali.

Katsabola anaima pakhomo la khola. Anatambasula manja.

"Simulowa!" anatero.

"Choka apo, mwana iwe," anatero a kubutchala. "Nkhumba yosayenda ndi yanga."

Anatsegula chitseko. Anawerama ndi chingwe chawo.

Mawanga anaona chingwe. Dzambatu! Anadzuka. Liwiro! Anadutsa pakati pa miyendo yawo.

A kubutchala, khu!

"Pepani, bambo," anatero Katsabola. "Kapena nanunso mukusowa fosifolasi?"

Bambo ake anaseka mpaka kugwira nthiti. A kubutchala anadzuka. Anasasa fumbi, napinda chingwe chawo.

"Nkhumba yothamanga chonchi sindigulitsa," anatero bambo. "Ndi yako, Katsabola."

Katsabola analumpha. Anakumbatira bambo ake. Mtima wake unali mbee!

Mwadzidzidzi kuseri kwa nyumba kunamveka mfuu.

"Kabichi wanga! Mayo, kabichi wanga!"

Mawanga anali m'dimba la mayi. Ankatafuna, ankatafuna. Tsopano wopsa mtima anali mayi.

"Katsabola! Dzagwire nkhumba yakoyi!"

Bambo anathamanga. Mayi anathamanga. Katsabola anathamanga akuseka. Koma Mawanga, miyendo gwa, anawasiya onse kumbuyo.