Ndevu za Habibu

Zuleikha anakumana ndi Habibu mu minibasi ya ku Chilomoni, ndipo kunena zoona mnyamatayo sanamufunsire, anangomugonera paphewa. Mkonono wake unkaposa injini. Kenako zii, mpweya osatuluka. Zuleikha anachita mantha n'kumugunda ndi chigongono.

"Achimwene, musandifere paphewa, ine ndikupita kuntchito!"

Habibu anadzidzimuka n'kuyamba kusisita ndevu mwamanyazi. Ndevu zimenezo ndi zomwe zinamugwetsa mtsikanayo. Posakhalitsa Zuleikha anali atamulemba pafoni kuti "Ndevu Zanga," ndipo m'mawa uliwonse uthenga wa Habibu unkagwa: "Uchi wanga, ndevuzi ndi zako mpaka zidzachite imvi."

Nanga bwanji tsiku lina anatulukira atameta, chibwano chili chosalala ngati dzira? Atafunsidwa anangoti kunja kukutentha. Anzake a Zuleikha ku saluni komwe ankagwira ntchito sanachedwe kugamula mlandu: mwamuna akameta mwadzidzidzi, ndiye kuti pali wina amene ndevuzo zikumubaya.

Zinamupweteka Zuleikha, analira mpaka maso kutupa. Lonjezo lija linali lapakamwa chabe? Koma sanali munthu wongokhala manja lende. Anamulondola mpaka pachipatala china ku Naperi, n'kumupeza mayi wina atamugwira masaya. Mayiyo anali nesi, ndipo ankamuyeza masiki.

Habibu anaulula zonse. Madokotala anali atamupeza ndi vuto lobanika kutulo, moti ankayenera kugona ndi makina omupopera mpweya. Masiki yoyamba, yophimba mphuno ndi pakamwa, inkataya mpweya chifukwa cha ndevu, n'chifukwa chake anameta.

"Ndimaopa kukuuza, Zuleikha. Ndani angakwatiwe ndi mwamuna wogona ndi paipi kumaso?"

"Yemwe uja unamugonera paphewa ukubanika. Anathawa?"

Nesi, akubisa kuseka, anatulutsa masiki ina yaing'ono ya pamphuno pokha. Anati imeneyo siyambana ndi ndevu, koma imafuna munthu wogona atatseka pakamwa, ndipo zikakanika pamakhala lamba wa pachibwano. Zuleikha anaitenga, n'kumuveka yekha, lambayo n'kumanga bwinobwino.

"Titenga iyi, anesi. Ndevu zibwerere chinkhoswe chisanafike."

Habibu anatong'ola maso. Masowo ankachita kufunsa: chinkhoswe chake chiti?

"Chomwe amalume ako abwere adzakambe kwathu Loweruka. Za pakamwazo usadandaule, wanga, ndizidzakutseka ndine."

Habibu anafuna kuyankha, koma lamba anali atagwira kale chibwano. Anangogwedeza mutu kuvomera, misozi ikutsikira pa masiki.