Kajuzi Kachikasu M'khola la Nkhosa

Chinthu choyamba chimene mwamunayo anaona chinali chaching'ono, moti akanauza munthu akanangomuseka: mkaka wa m'chitini unkatha msanga kuposa mmene iye ankaupungulira. Unali mkaka wa ufa womwetsa ana a nkhosa amasiye, ndipo ankauyeza ngati mankhwala, masipuni atatu m'botolo, kanayi pa tsiku. Madzulo ankasalaza pamwamba pake ndi sipuni n'kutseka chitinicho. M'mawa ankapeza kadzenje pakati, ndipo fulasiki ya madzi otentha imene ankaisiya yodzaza inkakhala itapepuka.

Panali patangotha milungu itatu chisamukireni kuderalo, iye, mkazi wake ndi nkhosa khumi ndi zinayi. Anthu a kumeneko ankaweta nkhuku ndi mbuzi basi, choncho lole itangotsitsa ziweto zake anamupatsa dzina lakuti Ankhosa, osafunsanso lenileni. Iye sanadandaule nalo. Kumene anachokera aliyense ankamuitanira dzina la mwana wake, ndipo mwanayo anali atamuika m'manda miyezi isanu yapitayo, ali ndi chaka chimodzi ndi theka. Anthu ankawauza kuti akutsata msipu, koma zoona zake ankathawa kuitanidwa dzina limenelo, komanso ankafuna kuchotsa mkazi wake pakhomo pamene ankangokhala tsiku lonse maso ali kunjira ya kumanda.

Pa nkhosa zonsezo panali yaikazi imodzi ya banga lakuda pakhutu, imene ankati ndi ya mwana chifukwa inabadwa tsiku limodzi ndi iye. Inakwera lole ili ndi bere lalikulu, ulendo unaivuta, ndipo patapita masiku awiri inaswa kamwana kamodzi n'kufa usiku womwewo. Kamwanako kanatengera banga la mayi wake. Pa zinthu zonse za mwana wawo, chopuma chimene chinatsala chinali chimenechi, ndipo mwamunayo analumbira chamumtima kuti aka kokha sikamufera m'manja.

Koma kupeza zofunika za nkhosa kuderalo kunali kutuluka thukuta. Sitolo iliyonse imene ankalowa ankamuonetsa chakudya cha nkhuku. Akatchula mchere wonyambita ziweto kapena mankhwala a njoka za m'mimba, ogulitsa ankayang'anizana, wina mpaka anamufunsa ngati nkhosa nazonso zimadwala. Mkaka wa ng'ombe anauyesa, kamwanako kanatsegula m'mimba mpaka miyendo kugwedera. Pomaliza anthu anamulozera kasitolo kena kuseri kwa chigayo, ka mkulu wina amene kale ankabaya ziweto jakisoni, amene aliyense ankangomuti Adokotala. Mkuluyo anakwera pampando n'kutsitsa chitini chafumbi pamwamba pa shelefu. Anati n'chomaliza, china chibwera mwezi ukatha ngati wobweretsayo saiwala. Chitinicho chinkayenera kukwana milungu inayi, koma pasanathe n'komwe milungu iwiri chinali chitadutsa kale pakati.

Mwamunayo sanaganizire n'komwe kuti wotapa mkakawo angakhale mkazi wake. Kamwana ka nkhosako kankagona m'katoni kukhitchini, ndipo mkaziyo akamadutsa ankatembenuzira nkhope kukhoma. Kakalira, iye ankatuluka panja. Tsiku lonse ankalankhula mawu osakwana khumi. Chimwalirireni mwana ankagona yekha m'kachipinda koyandikana ndi khitchini, ndipo madzulo aliwonse mwamuna wake ankamuikira m'dzanja piritsi logonetsa la kuchipatala. M'nyumbamo munalibe munthu wina. Makoswe anawaganizirapo, koma khoswe satsegula fulasiki.

Usiku wina anati akhale maso, koma munthu amene waswera kuzika mitengo ya mpanda salimbana ndi tulo. Anadzidzimuka pakati pa usiku, mdima uli bii, mphepo ikugwedeza lata limodzi losakhomedwa bwino padenga. Lata lija litakhala chete, anamva kaphokoso kena kochokera kukhitchini, kapang'onopang'ono kwambiri, ka sipuni ikugunda m'kati mwa kapu, mmene amatakasira munthu amene sakufuna kudzutsa ena. Kenako kunamveka kuyamwa, kwa nthawi yaitali, ndi mawu ena apansipansi amene sanathe kusiyanitsa ngati ndi nyimbo kapena mphepo. Anatsokomola mwadala, ndipo zonse zinangoti zii.

Pamene ankafika kukhitchini ndi tochi, munalibe munthu. Chitseko cha panja chinali chokhoma monga anachisiyira. Botolo linali patebulo, lopanda kanthu koma lofunda, ndipo kamwana ka nkhosa kanali m'tulo m'katoni mwake, katafunditsidwa thaulo mpaka m'khosi. Pachitseko cha mkazi wake anatcherapo khutu, nangomva kupuma kwa munthu wogona. Chimene chinamulowetsa tsemwe chinali fungo. M'khitchinimo munkanunkhira mafuta odzola ana, mafuta amene sanalowe m'nyumba mwawo kwa miyezi isanu.

Kutsidya kwa mpanda kunkakhala mayi wina wosoka zovala, amene anthu ankamuti Atelala. Anali munthu wa mtima wabwino koma wa pakamwa posatseka, ndipo ankasoka mpaka usiku kwambiri. Ndiye amene anamuuza kuti nyumbayo inakhala chaka chathunthu yopanda munthu, ndipo amene ankakhalamo kale anachoka osatsazika. Ena ankati anachotsedwa ntchito, ena ankati ankamva zinthu usiku. Atelala eniake anati sakhulupirira zimenezo, komabe anatsitsa mawu n'kuwonjezera kuti masiku amenewa akazimitsa makina amamva ngati munthu akutonthoza khanda. Mwamunayo anayankha kuti kulira kwa mwana wa nkhosa kumanamiza, koma madzulo ake chakudya chinamukanika.

Mkaka utatsala wa masiku anayi okha, nkhosa ina yaikazi inaswa mwana wakufa. Inaswera tsiku lonse ikumunyambita, ikulira, bere lili lodzaza mkaka. Mwamunayo anaipititsira kamasiye kaja kuti kayamwe, koma itangokanunkhiza inakagunda ndi mutu mpaka kanagwera uko. Anathamangira kwa Adokotala.

Mkuluyo anamvetsera mpaka kumapeto, navula magalasi. Anati nkhosa siyang'ana nkhope, imadziwa mwana wake ndi mphuno. Njira yake inali imodzi: asende mwana wakufayo, chikopacho aboole malo a miyendo, achiveke kamasiyeko ngati malaya, ndipo atsekere awiriwo pamalo amodzi.

"Pakapita masiku atatu muchotse chikopacho," anatero Adokotala. "Ikakhala yamulandira, yamulandira basi."

Ntchito imeneyi anaigwirira kuseri kwa nyumba, dzuwa likupendeka, misozi ikulengeza m'maso chifukwa kanyamako kanali kopepuka m'manja mofanana ndi katundu wina amene ananyamulapo. Atamaliza kukaveka kamasiyeko chikopacho, anadzutsa mutu n'kuona mkazi wake ali chilili pawindo, akuyang'ana. Aka kanali koyamba chisamukireni kumuona akuyang'anitsitsa chinthu. Anayang'anabe pamene nkhosa ija inkanunkhiza chikopa cha mwana wake, kuyambira kumchira mpaka kukhosi, kubwerezabwereza. Kenako nkhosayo inalira kamodzi chapansipansi n'kuima chete, kamasiyeko n'kuyamba kuyamwa.

Patapita masiku atatu anachotsa chikopacho n'kuchikwirira, ndipo nkhosayo sinakakanenso kamwanako. Mtima wa mwamunayo unakhala m'malo. Chitini chija anachimanga ndi chingwe n'kuchiika pamwamba pa kabati, poganiza kuti chilichonse chimene chinkabwera kukhitchini sichipezanso chobwerera. M'mawa mwake anapeza chingwecho chili chomanga, koma mfundo yake sinali yake.

Tsiku lachitatu lake Atelala anamukodola pampanda. Anayamba ndi kupepesa kuti si nkhani yawo, ndipo anayang'ana uku ndi uku asanalankhule.

"Ankhosa, mwana wanu musamamusiye m'khola usiku. Kukuziziratu masiku ano."

"Mwana uti, mayi?"

"Wa kajuzi kachikasu uja. Ndamuona kawiri mwezi ukuwala, akukwawa pakati pa nkhosa. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti muli ndi mwana."

Kuderalo mwamunayo sanauzepo munthu aliyense za mwana. Kajuzi kachikasu ankakadziwa bwino: mkazi wake analuka yekha ali woyembekezera, ndipo tsiku la maliro anamumva akupempha amayi osambitsa mtembo kuti kajuziko kalowe nawo m'bokosi. Anawathokoza Atelala, nalowa m'nyumba, nakhala pampando mpaka kunja kunada. Sanamuuze mkazi wake zimenezi, poopa kuti mawu oterewa angamalize kamphamvu kamene kanamutsalira.

Usiku umenewo anamupatsa piritsi lake monga mwa masiku onse, nazimitsa nyale, kenako anatulukira khomo la kumaso n'kukabisala m'kachisakasa kosungiramo udzu, moyang'anana ndi khola. Mitambo inkaphimba mwezi n'kuusiyanso. Kutali kunkamveka makina a Atelala, ndipo atasiya kunangotsala phokoso la nkhosa zikubzikula ndi lata lija likugunda apo ndi apo. Kuzizira kunamulowa m'mafupa. Sanadziwe nthawi imene maso anatsekeka, koma chimene chinamudzutsa chinali bata. Nkhosa zonse zinali zitasiya kutafuna, zitaimirira, mitu italoza ngodya imodzi ya khola imene denga linkaiphimba ndi mthunzi.

Mwezi utatuluka m'mitambo, anakaona. Kanthu kakang'ono kachikasu kanatuluka mumthunzimo, kakuyenda ndi manja ndi miyendo, kakudzandira monga ankachitira mwana wake akamathamangira kukhomo kukamulandira. Mantha anamugwira, koma pansi pa manthawo panali chinthu china chimene anachita nacho manyazi. Ankafuna kuti akhale iyeyo. Kaya wabwera mwa njira yanji, kaya ndi wozizira bwanji, ankafuna amunyamule kamodzi kokha. Dzina la mwanayo linafika pamilomo, ndipo analitchula monong'ona.

Kanthuko kanatembenuka. Anayatsa tochi.

Kanali kamwana ka nkhosa kaja, ka banga lakuda pakhutu, miyendo yakutsogolo italowetsedwa m'manja a kajuzi, mabatani atamangidwa bwinobwino kumsana. Kumbuyo kwake, pangodya ija, mkazi wake anali atakhala pansi pa udzu, atatsamira khoma, botolo lili m'manja. Nkhosa yoyamwitsa ija inali itaima pambali pake, phewa ndi phewa. Mkaziyo sanadzidzimuke kapena kubisa nkhope. Anali maso, ndipo zinkaoneka kuti wakhala ali maso usiku uliwonse kwa miyezi isanu.

"Zimitsani tochiyo, mukumuthobwa m'maso," anatero chapansipansi.

Anazimitsa, nalowa m'kholamo, nakhala pansi pafupi naye. Mumdimamo mkaziyo analankhula mawu ambiri kuposa onse amene analankhula chichitikireni maliro. Anati mapiritsi aja ankawasunga pansi pa pilo, chifukwa akagona ankalota mwana akulira ndi njala koma iye osatha kudzuka. Anati masana sankatha kukayang'ana kamasiyeko mwamuna wake akuona, poopa kuti akangoyamba kulira sasiyanso. Kajuziko amayi aja atafuna kukaika m'bokosi, manja ake anakana kukasiya, ndipo anakabisa m'bulauzi pamodzi ndi kabotolo ka mafuta. Sanakachapepo, ndipo m'khosi mwake munkamvekabe fungo la mwana.

"Nditakuonani mukukaveka chikopa chija, ndinati nanenso ndiyese," anatero.

Mwamunayo anafunafuna mawu ofewa, koma amene anatuluka anali omwe aja ankawaopa. "Mayi, ukudziwa kuti si iyeyo?"

"Ndikudziwa." Anasisita msana wa nkhosa yaikulu ija. "Nayonso iyi ikudziwa. Mukuganiza kuti sinaone mmene munkasendera mwana wake? Kungoti mkaka unali kuiwawa."

Apa mwamunayo analira, kulira kumene anakumeza tsiku la maliro chifukwa chofuna kulimbitsa ena. Mkazi wake anamusiya alire. Kamwana ka nkhosako kanabwerera, kanakwera pamiyendo ya mkaziyo n'kuyamba kufunafuna botolo, ndipo iye anaweramitsa mutu n'kuika mphuno yake m'khosi mwa kajuziko, nakhala choncho kwa nthawi yaitali.

"Paja Adokotala anati chikopa chimachotsedwa pakapita masiku angati, bambo a mwana?" anafunsa osadzutsa mutu.

Anali asanamuitanepo choncho kwa miyezi isanu. "Atatu," anayankha.

"Ine mundipatseko ochulukirapo."

Mwamunayo anagwira botolo lija n'kumva kuti lazizira. Analiika m'kati mwa malaya ake, pachifuwa, monga ankachitira kale mwana akadzuka usiku, ndipo awiriwo anakhala pa udzupo kudikira kuti mkakawo ufunde.