Dzina Pansi pa Dzimbiri

Eneya anaipeza mfutiyo tsiku limene mudzi wonse unapita ku maliro kutsidya kwa dambo. Mayi ake, a Veronika, anamusiyira ntchito yosasula denga la kanyumba ka malemu agogo ake aamuna, kamene chiswe chinali chitakamaliza kale. Unali mwezi wa Okotobala m'chaka cha 1998, dzuwa likuswa mtengo, ndipo m'mudzi wawo wa ku Kapondo munali zii. Ngakhale nkhuku zinali zitabisala.

Atakoka udzu wa pakona, chinthu cholemera chinatsetsereka n'kugwa pansi kuti khu. Chinali chokulungidwa m'chikopa cha mbuzi chouma gwaa, chomangidwa ndi luzi. Atamasula anaona mfuti ya mipope iwiri, yofiira ndi dzimbiri. Mpope wakumanzere unali wozengedwa ndi waya chakumunsi. Kamphepo katadutsa pakamwa pa mipopeyo, mfuti inalira chapansipansi ngati munthu wobuula m'chipinda china. Galu amene anagona pakhomo anadzuka n'kuchoka, mchira uli pakati pa miyendo.

Eneya anachita mantha. Koma mantha a mnyamata wa Fomu 2 sachedwa kutha akakumbukira chimene mtima wake ukufuna, ndipo Eneya ankafuna njinga. Anatopa nako kuyenda wapansi kupita kusukulu, anzake akumudutsa n'kumamuimbira belu. Anaika mfutiyo m'thumba la feteleza n'kulunjika kugolosale.

Kumeneko kunali a Aleck, mnansi wawo amene ankasintha ndalama paboda ya Mchinji. Anabwera kumudzi kudzakhuza maliro, koma malirowo ankawakhuza ali pabenchi ya golosale, botolo lili m'manja. Atasuzumira m'thumba muja, anamukokera Eneya kuseri.

"Iwe mfana, ukudziwa chimene wanyamulachi? Ngati ndi ya ku Mangalande, ku Chipata alipo azungu amene amagula zoterezi zongopachika pakhoma. Njinga n'chiyani? Ungagule ndi ngolo yomwe."

"Nanga tidziwa bwanji kuti ndi ya ku Mangalande, achimwene?"

"Wopanga amalemba dzina lake apa," anatero a Aleck, akuloza chitsulo cha pamwamba pa chogwirira. "Dzimbiri ndi limene laphimba. Kakweche. Koma amayi ako asamve, angakuuze zokapereka kupolisi."

Eneya anatsikira kudambo, nathyola mandimu panjira. Anakhala pamwala n'kuyamba kukwecha ndi mchenga monga amachitira ndi mapoto a kunyumba. Kutsidya kunkamveka nyimbo ya maliro, mphepo ikuibweretsa n'kuibwezanso. Madzi ofiira ankayenderera m'zala zake.

Pang'ono ndi pang'ono zilembo zinayamba kuoneka. Sizinali zosalala ngati za pa makina. Zinali timadontho tokhomedwa ndi msomali, topindika ngati zolemba za mwana wa Sitandade 1. Choyamba chinali E. Kenako N. Chachitatu chitatuluka, anapitiriza kukwecha mofulumira. Atatsuka ndi madzi, dzina lonse linali poyera: ENEYA.

Anatembenuka kuyang'ana kumbuyo. Kunalibe munthu, bango lokha ndilo linkagwedezeka. Mfutiyi anali asanaionepo chibadwire, ndipo dzimbiri limene wachotsalo linali lakale kuposa iye. Apa ndiye anachita mantha enieni.

Eneya atabwerera nayo kugolosale, a Aleck anaona zilembozo naseka mpaka kutsokomola.

"Basi, ndi gogodela iyi. Anaisula munthu wakumudzi ndi mapaipi a madzi. Mzungu sangaiyang'ane kawiri."

"Koma dzinali ndi langa, achimwene."

"Anthu a dzina la Eneya ndi angati m'Mchinji muno? Tamvera. Alimi amene akuvutika ndi anyani amagula zimenezi, bola iwombe. Ikalira, kanjinga kakale ukapeza."

Anapita kukanong'onezana ndi mlonda wa golosale, nabwerako ndi chipolopolo chimodzi.

"Bwanji osaiyesa inuyo?" anafunsa Eneya.

"Ine ndavala malaya oyera," anayankha a Aleck, akubwerera kubenchi kwawo.

Mwana wanzeru akanamva bwino yankho limenelo, koma m'makutu mwa Eneya munali mukulira belu la njinga. Anabwerera kudambo. Mpope wakumanja anaupeza utatsekedwa ndi dothi limene mavu anamata, choncho chipolopolo anachilowetsa kumanzere, ku mpope wa waya uja. Chinalowa mosavuta, ngati malowo ankachidikira. Anaika chogwirira paphewa, tsaya naligunditsa kuchitsulo, n'kulozetsa pachulu. Chala chinapeza kachitsulo kowombera.

"Eneya."

Mawuwo anali otsika kwambiri moti anayesa kuti achokera m'mfuti momwemo. Anali mayi ake. Anali atabwera kudzatunga madzi ophikira kumaliro, ndipo anaima potero, ndowa ili m'manja. Nkhope yawo inali itatuwa ngati phulusa.

"Chotsa chala, mwanawe. Pang'onopang'ono. Uigoneke pansi."

Eneya anachita monga anamuuzira. A Veronika anatula ndowa, nagwada pafupi ndi mfutiyo, koma sanaikhudze.

"Amayi, palembedwa dzina langa."

"Si lako lokha. Linali la malemu mlongo wanga, malume ako. Iwe tinangokutcha."

Eneya anali asanamvepo kuti mayi ake anali ndi mlongo.

"Anali wosula," anapitiriza a Veronika, maso ali pa zilembo zija. "Makasu, nkhwangwa, chilichonse chimene waona ankati achipanga. Iyi anaisula ali wamkulu pang'ono kuposa iwe. Mpope wakumanja anauyesa, unalira bwino, ndipo tonse tinamuombera m'manja. Ine ndinali nditaima apo pali bangopo. Kenako anayesa wakumanzere."

Ndi chala chimodzi analoza waya uja.

"Masula uone."

Eneya anachotsa chipolopolo, nayamba kumasula wayayo. Unkathyoka wokha chifukwa cha dzimbiri. Pansi pake panali mng'alu wautali ngati chala, milomo yake itapindikira kunja. Mng'aluwo unali pamalo penipeni pamene iye anagunditsa tsaya lake. Anakhala pansi m'matope.

"Agogo ako analephera kuitaya, poti inali ntchito ya manja a mwana wawo. Analepheranso kuiyang'ana. Ine ndinkayesa kuti anaiponya m'chimbudzi kalekale. Chilekereni kumutchula, m'nyumba mwathu dzinali linamvekanso tsiku limene unabadwa iwe."

Eneya anayamba kulira, osabisa nkhope. Anaulula zonse: za a Aleck, za azungu a ku Chipata, za njinga.

"Ndimangofuna kudziwa kuti ingagulidwe zingati, amayi."

A Veronika anamupukuta dzimbiri patsaya ndi nsonga ya chitenje chawo. Anapukuta nthawi yaitali, ngakhale pamene tsayalo linali litayera kale.

"Mtengo wake tinalipira kale, mwana wanga," anatero. "Sindingathe kulipiranso kachiwiri."

M'mawa mwake anapita nayo limodzi kupolisi, ataikulunga mumkeka. Podutsa pagolosale a Aleck anayang'ana kumbali. Mayi ndi mwana atayenda mtunda wautali, Eneya anafunsa kuti malume akewo ankaoneka bwanji. A Veronika anaima pakati pa msewu n'kumuyang'anitsitsa, kuyambira pamphumi mpaka pachibwano.

"Tiye," anatero. "Ndikuuza tikuyenda."