Mphini za Azakhali Keziya

Precious anali ataonetsa kale zithunzi makumi awiri za m'foni mwake, koma atate ake, a Yoweli, ankangopukusa mutu. Minibasi ya ku Chipata inali pafupi kudzaza pa siteji ya ku Chadiza, ndipo mmisiri wa miyala kumeneko ankadikira chithunzi chimodzi choti aike pa chiliza cha azakhali Keziya.

"Nanga ichi, atate? Taonani mmene akumwetulira."

A Yoweli anayandikitsa foniyo kumaso. "Mayi wokongola ndithu, koma ndani ameneyu? Alongo anga anali ndi mphini zitatu tsaya ili, zitatu tsaya linali. Zapita kuti?"

Precious anangoti zyolizyoli. Ankadziwa bwino kumene zinapita.

Chaka chatha, pa holide ya Epulo, anapita kumudzi kwa azakhali ku Pembamoyo ndi foni yatsopano, mphatso yokhozera mayeso a giredi naini. Mtsikanayo sankagwirika. Anatulukira kabatani kosalalitsa nkhope n'kukakankhira mpaka kumapeto. Anapezanso kena kofufutitsa zakumbuyo, kuti nkhokwe ndi mbuzi zisamuchititse manyazi kwa anzake a pa boma. Masiku amenewo anali okoma zedi. Azakhali ankakhala pamphasa patsinde pa mtengo wa mango, akuthothola nshawa, akuimba nyimbo za kumpingo mosokoneza mavesi, ndipo zokhwima bwino ankamukankhira iye kuti akukute.

Atawajambula n'kuwaonetsa chithunzicho, azakhali anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe mwana, wandisita ndi simbi kodi? Mphinizi ananditema ndi amayi anga, agogo ako, chaka chimene ndinatha msinkhu. Ndinalira tsiku lonse. Lero kafoni kako kangozinyambita?"

"Mwatchena chonchi, azakhali. Zakalezo n'za chiyani?"

"Chabwino, wophunzira ndiwe," anatero azakhali, n'kupitiriza kuthothola.

Mu Julayi anadwala masiku anayi okha n'kumwalira.

Tsopano pa sitejipo Precious anazimitsa timabatani tonse tiwiri n'kutsegulanso zithunzi zija, akuyembekeza kuti mwina mphini zibwerera. Ayi ndithu, madzi akatayika saoleka. Zimene foni inafufuta pojambula zinapitiratu. Pa chithunzi chilichonse panali mayi wosalala ngati chidole, atakhala pamalo osadziwika.

"Atate, ndine ndinazichotsa," anatero Precious. "Ndinkafuna kuti aoneke bwino."

A Yoweli sanakalipe, ndipo zimenezo n'zimene zinamupweteka kwambiri. Anatenga foni, n'kuyang'ananso chithunzicho, kenako anamubwezera mofatsa.

"Ndili mwana ankandinyamula ndi iwowo, amayi akapita kumunda. Ndinkawerenga mphinizo ndi chala. Kuwerenga mpaka sikisi ndinaphunzirira pa nkhope yawo." Anapukuta m'maso ndi chipewa. "Basi, pamwalapo tingolemba dzina."

"Chipata mmodzi! Chipata mmodzi!" anakuwa kondakitala.

A Yoweli atangoponda chitseko cha minibasi, Precious anawagwira jekete. "Atate, taimani kaye. Tayang'anani kuno."

Anawatembenuzira kumene kunali dzuwa, n'kukhudza nkhope yawo pa foni kuti ioneke bwinobwino, kenako anajambula. Zonse zinatuluka: imvi, makwinya a pamphumi, dzino lobenthuka, ngakhale misozi imene inali isanaume.

A Yoweli anasuzumira. "Aa, koma ndakalamba chonchi? Sungandikonzeko pang'ono?"

"Iyayi, atate," anayankha Precious, atakumbatira foni pachifuwa. "Ichi sindichikhudza."