Theka Lachiwili la Kolona

Anastazia ndiye anayamba kuona kuti kompyuta ya pabalaza ikupemphela popanda woidina.

Atate ake, a Simon, anathawa nkhondo ku Mozambique n'kukhazikika ku mishoni ya Minga. Matenda a pakhosi atawalanda mau, wansembe wina anawapatsa kamakina kakale kokhala ndi kachipangizo kolankhula. Madzulo alionse ankapemphela kolona: a Simon akadina batani, kamakina kankanena "Tikuoneni Maria" ndi mau a m'mphuno, akazi ao amai Ezelina n'kuyankha theka lachiwili. Mkanda umodzi, kudina kumodzi. Theka lachiwililo a Simon sanaliikemo dala. Linali la akazi ao.

Kamakina kanafa, mwini wake n'kutsatila. Anastazia anatengela amai ake ku Petauke, koma iwo anasiya kudya, kolona n'kuikoleka pamsomali.

"Ndiyankha ndani?" ankatelo.

A Benson, mphunzitsi woyandikana nao nyumba, anakopela za m'madisiki a kamakina ka malemu pa kompyuta ya Anastazia, n'kuikamo pulogalamu yoinamiza kuti ndi kamakina kakale kaja. Poyamba inkangolila ngati kamwanapiye, chifukwa pulogalamuyo sinkachidziwa chipangizo cha mau. Anavutika nayo mpaka anapeza ina yochidziwa. Tsiku lomwe inalankhula, amai Ezelina anagwada pansi, ndipo madzulo ake anadya.

Ndiye usiku wina Anastazia anadzidzimuka. Kunali zii, agalu a kumsika okha akuuwa patali. Kenaka pabalaza panamveka mau a m'mphuno aja, kuchipinda amai ake n'kuyankha motsitsa. Anasuzumila. Pampando panalibe munthu. Mau anadikila amai amalize, n'kuyambanso.

"Sizingatheke, amai," a Benson anauza Anastazia kutacha. "Imadikila chala cha munthu. Popanda kudina siingapitilile."

Usiku wotsatila zinachitikanso, wotsatilanso chimodzimodzi. Anthu a m'komboni anayamba kunong'ona kuti malemu abwela kudzatenga mkazi wao. Anastazia anafika pogwila nthambo kuti aizule.

"Mwanawe," anamveka amai ake mumdima, "usawatsekenso pakamwa atate ako."

Anaisiya. Kodi akanatani? Amai anali atayamba kunenepa, ngakhale kuseka kumene.

Loweluka mvula inagwa usiku wonse. Chakum'bandakucha mau aja anayamba monga mwa masiku onse, n'kuima kudikila yankho. Kuchipinda kunali chete. Anastazia anamva madzi akudontha pamalata, anamva mpweya wake womwe, koma sanadzuke. Anadikila, nayonso kompyuta inadikila, nthawi yaitali zedi.

Kenaka, pang'onopang'ono, mau a m'mphuno aja ananena okha zimene sizinalembedwemo: "Mutipemphelele ife ochimwa, tsopano ndi pa nthawi ya kufa kwathu."

Anastazia anawapeza amai ake atagona chammbali, akali ofunda, chala chili pa mkanda wotsiliza wa kolona. Kompyuta ija ilipobe. A Benson anaidina n'kuidinanso, koma sinalankhulenso.