Mafuta m'Mimba mwa Chiphadzuwa

Dzuwa lili paliwombo, Chiphadzuwa anafika pa posito ya zaumoyo ya ku Tsangano akufuka nthunzi kutsogolo ngati mbiya ya kachasu. A Custódio, amene ankamuyendetsa, anatsika nkhope ili gwa, osalonjera munthu. Mwana wawo Benvinda, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, anali pakhonde la nyumba yawo kuseri kwa positoyo akusenda mbatata ya kachewere. Ataona nthunziyo, mpeni unamupulumuka m'manja.

Chiphadzuwa sanali munthu ayi. Inali galimoto ya posito yonyamula odwala, karinya yakalekale imene inaona nthawi ya atsamunda, inaona ufulu, ndipo tsopano inkaona nkhondo. Dzinalo anthu anaipatsa mongoiseka, poti utoto unali utasupuka, chitseko chakumbuyo ankachimanga ndi luzi, ndipo ikamakwera zitunda za ku Ntengo-Wambalame inkatsokomola mpaka okwera kuimvera chisoni. Komabe amene anakhalako masiku amenewo mukawakumbutsa za galimotoyi, amayamba aseka, kenako amangoti zii. M'dera lonselo, kuchokera kumalire mpaka kumidzi ya ku Macanga, panalibenso ina yonyamula munthu akadwala.

A Custódio ankaikonda galimotoyi kuposa mmene ankakondera jekete lawo la ukwati. Anali munthu wabwino, koma wa mawu amodzi, ndipo akakweza nsidze ngakhale nkhuku zinkachoka pabwalo. Malamulo awo anali awiri. Loyamba, katundu wa pakhomo asapezeke m'galimoto ya boma. Lachiwiri, m'mawa uliwonse Benvinda azithira madzi a pachitsime mu radiyadoro, thanki yakutsogolo ija yoziziritsa injini, chifukwa inkadontha pang'onopang'ono. Ntchito imeneyi Benvinda ankainyadira, ndipo anzake a kusukulu ankamuchitira nayo kaduka.

Koma m'mawa wa tsiku limenelo kunazizira monga kumazizirira ku Tsangano mwezi wa Juni, udzu uli mbuu ndi chisanu. Chigubu cha madzi chinali chopanda kanthu, ndipo chitsime chinali kudambo. Benvinda anachita ulesi. Pansi pa mpando panali chigubu china chakuda chofanana nacho, chimene bambo ake ankasungira maulendo aatali. Anachikoka, anatsegula, n'kuyamba kuthira maso ali kwa anzake amene ankadutsa pamsewu. Pamene ankayang'ana pansi, chimene chinkatsika sanali madzi. Anali mafuta ophikira, achikasu, ndipo makapu ngati atatu anali atalowa kale.

Anazindikira pompo eni ake a mafutawo. Mayi ake, a Angelina, anali atasenza dengu la mbatata kukasinthanitsa kumalire, mimba ili kutsogolo, kuti mwana akabadwa adzakhale ndi chomudzoza. Masiku amenewo amuna a mfuti akalowa m'mudzi ankayamba ndi mchere, mafuta ndi mabulangete, ndiye mayi aliyense anali ndi pobisa pake. A Angelina anaona kuti malo abwino ndi m'galimoto, poti inkagona pafupi ndi asilikali. Kuulula kunali kudzipereka yekha ndi kuperekanso mayi ake. Benvinda anatseka msanga, anabweza chigubu pansi pa mpando, n'kudziuza kuti mafuta pang'ono sangaphe chitsulo.

Tsopano chitsulocho chinali chitabwera chikufuka, ndipo chinasankha tsiku loipa. A Angelina mwezi wawo unali utakwana, ndipo anamwino a pa positoyo, a Albina, amene anthu ankawatcha a enfermera, anali atanena kuti mwana wapingasa, sangabadwire pano. Ankayenera kupita kuchipatala chachikulu ku Ulongwe. Galimoto sinkayenda yokha mumsewu umenewo. Inkadikira koluna, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, umene unkadutsa kamodzi pa milungu iwiri. Koluna inali yonyamuka mawa lake m'mawa.

Injini itazizira, a Custódio anatsegula chivundikiro cha radiyadoro. Pansi pake panali phala lotuwira, lonanda, lokhala ngati chambiko chogonera. Anapisa chala, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Anayesa kununkhiza, koma chimfine cha mwezi umenewo chinali chitawatseka mphuno.

"Ndi junta," anatero motsitsa mawu.

A Albina, amene anatuluka atamva phokoso, anafunsa kuti junta n'chiyani. A Custódio anafotokoza kuti m'kati mwa injini madzi ali ndi njira yawo, oyilo alinso ndi yake, ndipo chimene chimazilekanitsa ndi kachikopa kopyapyala kofinyidwa pakati pa mutu wa injini ndi thupi lake. Kakapsa kapena kung'ambika, oyilo amalowa kwa madzi, n'kumata timapaipi ta radiyadoro, injini n'kumatentha.

"Nanga ina muli nayo?"

"Ya kuti, a enfermera? Ngakhale ku Tete kwenikweniko simungaipeze. Ndimasula mutuwu ndione. Koma ndikangomasula, yakaleyi ing'ambika basi, sibwereranso. Ndiyesa kudula ina pa katoni wa mankhwala."

"Ya katoniyo ikafika ku Ulongwe?"

A Custódio anangopukutira chala chija pa buluku. A Albina anayang'ana kukhonde kumene a Angelina anakhala pamphasa atagwira msana.

Kunena zoona, a Custódio sanali mmisiri wopupuluma. Asanagwire sipanala anasolola vareta, kawaya koyezera oyilo, akuyembekeza kuti apeza oyilo atayera ngati tiyi wamkaka. Oyilo anali wakuda bwinobwino, ndipo sanatsike ngakhale pang'ono pa mzere wake. Analiza injini n'kupita kumbuyo kukaona utsi, koma utsi woyera wa madzi akamapsa panalibe. Anabwerera kutsogolo n'kusuzumira pakamwa pa radiyadoro kuti aone ngati madzi akutulutsa thovu la mpweya. Madzi ankangozungulira phee.

Anazimitsa injini n'kukanda m'mutu. Anauza a Albina kuti galimoto ikukana mlandu, zizindikiro zonse zikuti junta ili bwino, koma mafuta ndi awa, ndipo m'galimoto mulibe kwina kochokera mafuta koma mu injini. Anazungulira Chiphadzuwa kawiri, anagwada, anasuzumira kunsi. Kenako anapukusa mutu n'kuitana Benvinda kuti abweretse bokosi la zitsulo ndi mbale yoikamo mabawuti.

Benvinda anaima pambali pawo mbale ili m'manja. Ankawaopa bambo ake, ndipo ankawakonda, ndipo zonse ziwirizi zinamuletsa kuulula. Ankangoyembekeza kuti mwina asintha maganizo okha. Koma chivundikiro chapamwamba pa injini chinachoka, mabawuti ake anagwera m'mbale imodziimodzi, ngwe, ngwe, ngwe. Kukhonde mayi ake anabuula pang'ono posintha kakhalidwe. A Custódio anasankha sipanala yaikulu, anaikoleka pa bawuti yoyamba ya mutu wa injini, analavulira m'manja, n'kuponda mwamphamvu pansi kuti akoke.

"A papa, musamasule."

Mawuwo anatuluka aang'ono ngati a mwana wa mbuzi. A Custódio anatembenuka, nsidze zili m'mwamba.

"Mafutawo sanachokere mu injini. Ndathira ndine m'mawa uja. Ndinachita ulesi kupita kudambo, ndiye ndinatenga chigubu cha pansi pa mpando."

"M'chigubu chimenecho muli madzi."

"Mulibe madzi, a papa."

A Custódio anachotsa sipanala pa bawuti paja pang'onopang'ono, ngati akuchotsa dzanja pa njoka yogona. Anakakoka chigubucho n'kuchipendeketsa pachikhatho. Kenako anatapa phala la pa chivundikiro cha radiyadoro lija n'kuliika pa lilime. Analavula.

"Mtedza," anatero.

Nthawi imeneyo n'kuti a Angelina atadzuka pamphasa, akubwera mokoka miyendo. Anaima pakati pa mwamuna wawo ndi mwana, n'kunena kuti mafutawo ndi awo, anawabisa okha, ndipo ngati pali womenyedwa ayambe ndi iwo. Benvinda anatsinzina, akudikira bingu.

Bingulo silinagunde. A Custódio anakhala pansi pa mwala, chigubu chili pakati pa miyendo, akuyang'ana sipanala imene inagona pa dothi.

"Kukoka kamodzi kokha, bwenzi galimoto iyi nditaipha ndi manja anga," anatero a Custódio. "Injini ikangosintha kalilidwe ndimamva ndili kumsewu. Koma m'nyumba mwanga anthu awiri andibisira chinthu, wina milungu, wina kuyambira m'mawa, ine osamva kanthu. Kodi ndine woopsa chotere?"

Anadzuka, anapukuta manja, n'kubwezera chivundikiro cha injini pamalo pake. Anati matenda apezeka ndipo ndi ochizika, chofunika n'kutsuka m'mimba mwa Chiphadzuwa dzuwa lisanalowe. Vuto linali sopo. Sopo anali atasowa m'masitolo kwa zaka, ndipo kachidutswa kamene kanali pa posito a Albina ankakasungira manja awo pobereketsa. Madzi okha sakanachotsa mafuta.

Apa a Angelina anaseka koyamba tsiku limenelo. Anafunsa mwamuna wawo kuti akuganiza kuti mbale za pakhomo zimayera ndi chiyani zaka zonsezi. Anatuma Benvinda kukatenga phulusa la zitsononkho za chimanga, ndipo mbiri itamveka, amayi a nyumba zoyandikana anabwera ndi lawo m'zikho ndi m'mapale. Anacheza chidulo monga amachezera cha therere, koma chodzaza ndowa ziwiri, n'kuchisefa pa nsalu kawiri kuti kamchenga kasalowe. A Custódio, amene moyo wawo wonse sanalolepo mkazi kuwauza za galimoto, anaima manja kumbuyo akumvera malangizo.

Anamasula paipi yakunsi, phala lonse linakhuthukira pansi. Anabwezera paipi, anathira chidulo chosakaniza ndi madzi ofunda, analiza injini mpaka itatentha, anaizimitsa, anadikira kuti izizire, n'kukhuthulanso. Koyamba kunatuluka zoyera ngati mkaka. Kachiwiri zinali zotuwa. Chidulo sachisiya nthawi yaitali m'chitsulo, ndiye pambuyo pake panafunika madzi oyera ambirimbiri otsukuluza, ndipo madziwo anali kudambo komwe kuja. Benvinda, amene m'mawa anakana ulendo umodzi, anayenda maulendo asanu ndi anayi ndowa ili pamutu, osadandaula. Khosi linamuwawa sabata yathunthu.

Dzuwa likupendeka, madzi otuluka kunsi anali oyera moti nkhuku zinayamba kumwa. A Custódio anathira ena, anakwera chitunda cha kumsika n'kubwerera, kenako anakweranso. Kasingano kosonyeza kutentha kanaima pakati osasuntha. Amayi a phulusa aja analuluta ngati kwabwera mkwatibwi.

M'mawa mwake Benvinda anadzuka molawirira, koma anangokhala kuseri kwa nkhokwe. Ankadziwa kuti ntchito yake yatha, ndipo mumtima ankavomereza kuti n'zoyenera. Kumsewu magalimoto a koluna anali atayamba kulira.

"Benvinda," anaitana bambo ake. "Chiphadzuwa ali ndi ludzu. Ukudikira ndani?"

Anathamanga kudambo, anabwera ndi madzi, ananunkhiza chigubu asanathire. Akutseka chivundikiro, anaona bambo ake akutuluka m'nyumba atanyamula chigubu chakuda chija. Pa chogwirira chake anali atamangapo kansalu kofiira. Anachilowetsa okha m'galimoto ya boma, pafupi ndi pamene a Angelina anagona, n'kuchitsamiritsa ndi bulangete kuti chisagwe.

"Ichi n'cha mwana," anauza a Albina, ngakhale a Albinawo sanafunse.

Chiphadzuwa anakafika ku Ulongwe osatentha. Patapita masiku awiri kunabadwa mwana wamwamuna, ndipo a Custódio anamutcha Lázaro, ati chifukwa galimoto imene inamunyamula inachita kubwerera pakhomo pa manda. Anamudzoza mafuta otsala aja.

Nkhondo inatha, misewu inatseguka, kunabwera magalimoto atsopano oyera. A Custódio anatsikira kuli chete Lázaro ali kale ndi ndevu. Chiphadzuwa anatsala pa miyala kuseri kwa posito, wopanda matayala, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Benvinda ndi mayi wa ana anayi tsopano, ndipo mpaka lero sathira kanthu kuchokera m'chigubu asananunkhize. Ana ake amamuseka, iye amangowasiya. Koma mwana akaswa mbale n'kubwera yekha kudzanena, Benvinda amayamba wakhala pansi, monga anakhalira bambo ake pa mwala paja, kenako n'kumvetsera.