Kamoto ndi Mlatho Woswa Mazira

Uyu ndi Kamoto. Kamoto si dzina lake lenileni. Anamupatsa ndi Ababa. Mtsikana ameneyu sachedwa kupsa mtima. Akakwiya, makutu ake amatentha.

Kamoto ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuwoloka mlatho. Sunali mlatho weniweni ayi. Unali mlatho wa mu gemu. Gemuyo inali mu foni ya Amayi.

Mu gemumo muli kalole kofiira. Kaloleko kamanyamula mazira. Kamakwera phiri. Kamatsika phiri. Kenako kamafika pa mlatho.

Mlathowo ndi wa matabwa. Ndi wopapatiza. Kalole kakakwerapo, mlatho umagwedezeka.

Gwede, gwede, gwede. Phwaa.

Mazira onse amasweka. Gemu imayambiranso poyamba.

Tsiku lina Kamoto anafika pa mlatho. Mazira anasweka. Anayesanso. Mazira anaswekanso. Anayesanso. Phwaa.

Makutu a Kamoto anatentha. Anakalipa. Anaponya foni pa mpando. Foni inadumpha. Inagwera pansi.

Amayi anaimitsa makina osokera. Amayi ndi telala. Amasokera pafupi ndi zenera. Anthu akafuna madiresi awo, amaimba pa foni yomweyo.

Amayi anatola foni. Anaitembenuza uku ndi uku. Mwamwayi, sinasweke.

“Tamvera, mwanawe,” anatero Amayi. “Foni iyi ndi ya ntchito. M’nyumba muno wina akakalipiranso gemuyi, ndiifufuta. Wamva?”

“Ndamva, Amayi.”

Kamoto anachita mantha. Amayi sanena za bodza. Akati afufuta, afufutadi. Ndipo Kamoto sadzaona kutsidya kwa mlatho.

Kuyambira pamenepo, Kamoto ankasewera mwakachetechete. Mazira akasweka, ankaluma mlomo. Akaswekanso, ankaluma kolala ya diresi. Kolalayo inavutika kwambiri. Koma Kamoto sanakalipe.

Kunja kwa nyumba kuli masitepe. Ana amakhala pamenepo akaweruka kusukulu. Amacheza za magemu.

Kanjinga analipo. Ameneyu sayenda pansi. Ngakhale potumidwa pafupi, amakwera njinga. Wamtali analiponso. Ameneyu miyendo yake imadzaza masitepe onse.

“Ine ndikusewera gemu ya mpira,” anatero Kanjinga. “Ili mu foni ya achimwene. Ndi yokoma kwambiri. Dzulo ndinagoletsa ndi mutu. Koma goloboyi wanga ndi wogona. Mpira umamudutsa akuyang’ana kwina.”

“Ine ndikusewera gemu yomanga nyumba,” anatero Wamtali. “Ndamanga nyumba yaitali. Ili ndi mazenera ambiri. Koma ndinayiwala chitseko. Munthu wanga ali mkati. Akungozungulira.”

Kanjinga anaseka. Wamtali anaseka. Kamoto sanaseke.

“Nanga iwe, Kamoto?” anafunsa Kanjinga. “Gemu yako ikuyenda bwanji?”

“Yanga ndi yoipa,” anayankha Kamoto. “Mlatho ndi woipa. Mazira ndi oipa. Amene anaipanga ndi woipa mtima.”

“Ndiye ingoisiya.”

“Ayi.”

“Chifukwa chiyani?”

“Ndikufuna ndione kutsidya.”

Wamtali anatambasula miyendo. “Ukunena ya kalole kofiira ija? Ija ndi yophweka. Ndi ya ana ang’onoang’ono. Ine ndinawoloka kalekale.”

“Kutsidya kuli chiyani?” anafunsa Kamoto.

Wamtali anakanda m’mutu. “Ndayiwala,” anatero.

Makutu a Kamoto anatentha. Yophweka? Ya ana ang’onoang’ono? Anadzuka osatsanzika. Analowa m’nyumba masaya ali otupa.

Loweruka masana, Ababa anabwera kuchokera kuntchito. Ababa ndi dalaivala wa lole. Lole yake ndi yeniyeni. Ndi yaikulu, ya matayala ambiri.

Ababa anavula nsapato. Anakhala pa mpando. Anayang’ana Kamoto.

“Nkhope imeneyi yatani?” anafunsa Ababa.

Kamoto anafotokoza zonse. Anafotokoza za kalole. Anafotokoza za mazira. Anafotokoza za mlatho.

“Magemu awa afika paliponse,” anatero Ababa. “Kuntchito anzanga akusewera ya makhadi. Amayiwala ndi kudya komwe. Ine sindisewera. Ndi zotaya nthawi.”

Kenako Ababa anaganiza pang’ono. “Koma wati lole? Wati mlatho? Imeneyo ndi ntchito yanga. Tabweretsa kuno.”

Kamoto anayang’ana kuzenera. Amayi ankasoka. Makina ankalira.

“Ababa, musakalipe,” ananong’oneza Kamoto. “Mukakalipa, Amayi afufuta gemu.”

Ababa anaseka. “Ine kukalipa? Chifukwa cha kagemu? Ine ndimawoloka milatho tsiku lililonse.”

Ababa anagwira foni. Chala chawo ndi chachikulu. Chinaphimba batani lonse. Kalole kanakwera phiri. Kanatsika phiri. Kanafika pa mlatho kakuthamanga.

Gwede, gwede, gwede. Phwaa.

“Ndimangoyesa,” anatero Ababa.

Anayambanso. Phwaa.

“Foniyi ndi yaing’ono,” anatero Ababa.

Anayambanso. Phwaa.

“Kaloleka kalibe mabuleki,” anatero Ababa. Tsopano sankasekanso.

Kamoto anayang’ana makutu a Ababa. Anali atayamba kutentha. Eya, tsopano tadziwa kumene Kamoto anatengera.

“Ababa, chonde,” anatero Kamoto. “Basi, bweretsani foni.”

“Dikira. Komaliza.”

Kamoto anakoka malaya a Ababa. “Ababa, chonde.”

“Ndati dikira.”

Gwede, gwede, gwede. Phwaa.

Ababa anaimirira. Maso anali psuu. Anakalipa ndi mawu aakulu. “Mlatho wanji umenewu! Anaumanga ndani?”

Makina osokera anaima. 

Amayi anadzuka. Anabwera pang’onopang’ono. Anatambasula dzanja.

“Bweretsani foni,” anatero Amayi.

“Mayi a Kamoto, ine ndimangofunsa,” anatero Ababa.

“Mumafunsa mokalipa. Bweretsani foni.”

Ababa anapereka foni. Amayi anaika chala pa chithunzi cha kalole kofiira. Anangotsala pang’ono kufufuta.

Kamoto anakwiya. Anakwiya kuposa masiku onse. Zimenezi sizinali zachilungamo. Iye sanakalipe. Iye analuma mlomo. Iye analuma kolala. Wokalipa ndi wina, koma gemu yofufutidwa ndi yake.

Makutu anatentha. Khosi linatentha. Mutu wonse unatentha.

Ankafuna kufuula. Ankafuna kumenya mpando. Ankafuna kumwaza nsalu zonse za Amayi. Inu mukanatani?

Kamoto anagwira diresi lake ndi manja awiri. Analigwira zolimba. Anapuma mpweya wambiri. Kenako anayankhula motsitsa mawu.

“Amayi, ndakwiya,” anatero. “Ndakwiya kwambiri. Akalipa ndi Ababa. Ine sindinakalipe. Ngakhale panopa sindikukalipa.”

 Misozi inalengeza m’maso. Koma sanafuule.

Amayi anayang’ana Kamoto. Anayang’ana kolala yotafunidwa ija. Kenako anayang’ana Ababa. Ababa anayang’ana pansi.

“Pepa, mwana wanga,” anatero Ababa. “Wolakwa ndine. Unandichenjeza.”

Amayi anachotsa chala pa chithunzi. “Ukunena zoona,” anatero. “Sunakalipe. Waugwira mtima ngati munthu wamkulu. Ena akuluakulu alephera.”

Ababa anatsokomola.

“Koma gemu imeneyi yandisokonezera nyumba,” anatero Amayi. “Ndione kaye. N’chiyani chikukupsetsani mitima chonchi?”

Amayi anakhala pakati pawo. Anakonza magalasi. Kamoto anawasonyeza batani. Kalole kanakwera phiri. Kanatsika phiri. Kanafika pa mlatho.

Gwede, gwede, gwede. Phwaa.

“Hmm,” anatero Amayi.

Anayambanso. Phwaa.

Amayi anatsonya. “Dikirani. Ndaona pamene ndalakwitsa.”

Anayambanso. Kalole kanafika pakati pa mlatho. Kanapitirira. Kutsidya kunayandikira. Kunayandikira kwambiri.

Phwaa.

“Iwe mlatho iwe!” anakalipa Amayi.

 Amayi anagwira pakamwa. Magalasi anatsetserekera pa mphuno.

Ababa anayang’ana kudenga. “Mayi a Kamoto,” anatero mofatsa, “kapena mumangofunsa?”

Kamoto anayesa kudzigwira. Analephera. Anaphulika ndi kuseka. Ababa anaseka. Amayi anaseka mpaka misozi. Onse atatu anagwirana pa mpando, akuseka.

“Tenga foniyi, mwanawe,” anatero Amayi. “Ine yandikanika.”

Kamoto anatenga foni akusekabe. Manja ake anali ofooka ndi kuseka. Chala chake sichinadinikize batani mwamphamvu. Chinangoligusa pang’ono.

Kalole kanakwera phiri pang’onopang’ono. Kanatsika phiri pang’onopang’ono. Kanakwera mlatho pang’onopang’ono.

Gwede.

Mazira sanasweke.

Gwede.

Mazira sanasweke.

“Ababa, taonani,” ananong’oneza Kamoto. “Ndikadinikiza kwambiri, kamathamanga. Ndikangogusa, mlatho sugwedezeka kwambiri.”

“Usayankhule,” ananong’oneza Ababa. “Yang’ana kutsogolo.”

Amayi anagwira mkono wa Ababa. 

Gwede.

Matayala akutsogolo anafika pa dothi. Matayala akumbuyo anafika pa dothi. Kalole kanawoloka. Mazira onse anali bwinobwino.

“Ndawoloka!” anatero Kamoto.

Ababa anamunyamula m’mwamba. Amayi anawomba m’manja. Kamoto anasangalala kwambiri. Mtima wake unazizira.

“Tsopano tione kutsidya,” anatero Amayi.

Mitu itatu inagundana pamwamba pa foni. Kalole kanayenda pang’ono. Kanadutsa mtengo. Kanadutsa nkhuku. Kanakhota.

Kenako kanaima.

Kutsogolo kunali mlatho wina. Unali wautali kuposa woyamba. Matabwa ena panalibe. Pansi pake panali ng’ona.

Kamoto anayang’ana Ababa. Ababa anayang’ana Amayi. Amayi anayang’ana mlathowo nthawi yaitali.

“Ikani foni pa chaja,” anatero Amayi. “Mawa ndiyamba ine.”

“Kenako ine,” anatero Ababa.

“Chabwino,” anatero Kamoto. “Koma wofuna kukalipa azisiya foni pa tebulo. Azikakalipira panja.”

Ababa anayang’ana mlatho watsopanowo. Anayang’ana ng’ona. Kenako anadzuka mwakachetechete. Anakaika nsapato zawo pafupi ndi chitseko, kuti mawa asadzavutike potuluka.